Kathabwa ka Pakhomo la Kuchipinda

Jameson atakankha chitseko anapeza Luis atagwada pakhomo lolowera kuchipinda, nsapato atavula, akuyesa kathabwa kakatali pansi.

"Wakutsegulirani ndani?"

Luis sanadzuke. Anangotembenuza mutu, pensulo ili kukhutu.

"Ndine, Baba," anatero Plaxedes, mwana wa Jameson, akutuluka kukhitchini ndi ndowa. "Akuti angomaliza patsalapa. Mawa tisamutse katundu."

Maliro a Emelia, mkazi wa Jameson, anali atachitika sabata lomwelo kumanda a papulazi, kuseri kwa mabalani a fodya, kufupi ndi Darwendale. Achibale ena anali akadali kukomboni. Nyumba yatsopanoyi Emelia sanagonemo ali moyo. Anagwa ali kumpopi, katundu atamanga kale m'masaka, ndipo atafika naye kuchipatala ku Chinhoyi anali atatha.

Pabalaza ponse panali ntchito ya Jameson. Akaweruka kumabalani, kumene ankasonkha moto wowambira fodya, ankabwera kudzathira konkire yekha. Itauma anaikwecha ndi mwala, nkuipaka polishi mobwerezabwereza mpaka windo linkaoneka pansi ngati m'madzi. Emelia anaombera m'manja, koma atafika pakhomo la kuchipinda anaima.

"Umu ayi. Umu ndikufuna matabwa. Simenti imaluma mapazi mu Juni."

Ndipo anapita kwa Luis, kalipentala wa papulazi, mwana wa anthu a ku Tete. Komboni yonse inkadziwa kuti pa unyamata Luis anatumako amalume ake kukafunsira Emelia, Jameson asanaonekere. Luis sanakwatirenso chichokereni. Kwa milungu yambiri Emelia ankapita kushedi yakale imene mwini pulazi analola antchito kugumula, kukasankha matabwa a bulugama ndi Luis. Ankabwerako utuchi uli m'duku, akuseka. Jameson sanafunse. Ankangowonjezera polishi.

Tsiku limene thupi linagona m'nyumbamo, amayi a kutchalitchi anakhala pa simenti yake, miyendo atatambasula, koma maso ali kuchipinda. "Onani matabwawo, ngati kwa azungu," ankanong'onezana. Palibe anatchula pamene anakhalapo.

"Nyamulani zida zanu," anatero Jameson tsopano.

"Patsala pang'ono, a Jameson. Taonani." Luis analoza ndi chala. "Simenti yanu yakwera, matabwa atsika. Kathabwa aka ndakapala motsetsereka kuti munthu asapunthwe."

"Simenti yanga ndiyo yalakwa?"

"Sindinatero."

"Ndizula matabwa onsewa. Ndithiramo konkire mpaka kukhoma."

"Nhai Baba!" Plaxedes anaika ndowa pansi, madzi nkukhavukira. "Amai sanathe ndi sabata m'manda."

"Ndi kumandako agona pa matabwa a munthu yemweyu. Bokosi anakhoma ndani? Ali moyo, matabwa a Luis. Atafa, matabwa a Luis. Ine ndili pati?"

Plaxedes anayang'ana kunja ngati akuopa kuti wina wamva. Luis anakhala pazidendene zake, nkupukuta manja pa ovolosi.

"Bokosi ndimakhomera aliyense pano. La amayi anu ndinakhoma ndine."

"Pa maliro a amayi anga simunalire mpaka kugwiridwa ndi anthu."

Luis anaweramitsa mutu. Panja thalakitala inadutsa itakoka ngolo ya nkhuni, mawindo nkunjenjemera.

"Kathabwa aka si maganizo anga," anatero pomaliza. "Emelia ndiye anati…"

"Ndani?"

"Amake Plaxedes. Anati mwendo wanu wamanzere mumaukoka mukatopa. Anati mudzagwa pano."

Plaxedes anaganiza kuti mawuwo awafewetsa bambo ake. Koma nkhope ya Jameson inachita kuuma. Mwendowo ankaubisa ngakhale kwa foromani, kuopa kuchotsedwa kumabalani. Ankadziwa ndi mkazi wake yekha, amene ankauthowa ndi madzi otentha chitseko chili chotseka.

"Anakuuzani za mwendo wanga. Chinanso anakuuzani chiyani? Kuti ndimaliza mkonono? Munkandiseka kushediko?"

"Baba, chonde."

"Msiye ayankhe. Masana onse aja munkakamba chiyani?"

Luis anachotsa pensulo kukhutu nkuiika m'bokosi la zida, pang'onopang'ono.

"Mukufunadi kudziwa? Tinkakamba za inu. Tsiku ndi tsiku. Ndikamuonetsa thabwa labwino, iye: a Jameson sakonda lofiira. Ndikati tipume, iye: a Jameson sapuma, simenti ija akwecha mpaka manja kutupa. Ine ndapala matabwa awa limodzilimodzi, ndikudziwa kuti opondapo ndinu. Bedi lanu ndilo lidzakhalepo. Mukuona ngati zinkandikomera?" Mawu ake anayamba kusasa. "Inu mwakhala naye moyo wonse. Ine ndinapatsidwa masana angapo m'shedi yodontha, nawonso munadzazamo ndinu. Ndiye mukufuna mundilande ndi misozi yomwe?"

Chimene chinamupweteka Jameson si chimene ankayembekezera. Anafuna kugwira wakuba, koma anapeza munthu amene wasunga Emelia mumtima zaka zonsezi osatopa naye, osakangana naye za mchere kapena za fizi ya mwana. Emelia wa Luis anali akadali mtsikana. Jameson anasilira Emelia ameneyo.

"Sanakuuzeni kuti amandikonda," anatero ndi mawu otsika. "Ameneyo sankanena zimenezo."

"Sananene."

"Ndi kwa ine komwe sananenepo."

Kenaka Jameson anavula nsapato, nkugwada movutikira, mwendo wamanzere atautambasula poyera, osaubisanso. Anatenga kathabwa kaja, nakatembenuza. Kanali kosalala ngati sopo. Anafunafuna polakwika ndi chala chachikulu, koma sanapapeze.

"Bweretsani hamala. M'nyumba mwanga msomali womaliza ndikhoma ndine."

"Mukhomere mbali ya matabwa. Kusimenti upindika."

"Simenti yanga ndikuidziwa."

Luis anapanikiza kathabwako ndi manja awiri, Jameson nkumakhoma. Msomali wina unapindika ndithu. Luis anamupatsa wina. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana, wina mawondo pa simenti, wina pa matabwa, koma sanayang'anane.

Atamaliza, pabalaza panali patadzaza utuchi ndi mapazi a fumbi. Plaxedes anasesa, napukuta madzi aja. Kenaka anang'amba thumba lakale pawiri, nkuponda chidutswa phazi lililonse, nayamba kutsetsereka nazo pansi kuti pawale. Posakhalitsa manja anapita m'chiuno okha. Anayamba kugwedeza mapewa, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya mokhota, ndipo pofika pakona anatembenuka ndi kadumpho kakang'ono, ngati munthu amene akuvinira ntchito kuti isamulemere. Sankadziwa nkomwe kuti akutero.

Jameson anasiya kutolera misomali. Kadumpho kameneko kanali ka Emelia; ankakaona m'mawa uliwonse wa Loweruka m'kanyumba kawo ka kukomboni, ndipo ankayesa kuti akukadziwa ndi iye yekha. Atacheuka anaona Luis ataima ndi bokosi la zida m'manja, maso ali pa mapazi a Plaxedes. Nayenso ankakadziwa.

Jameson anali ataima pakati pa Luis ndi pabalaza, ndipo akanatha kumulozera chitseko. M'malo mwake anasendera pambali pang'ono, kuti nayenso aone bwino.