Dzina la pa Mtanda

1.
Dzina la malemu?
Mmisiri wa mabokosi ku Chilomoni waimika bulashi m'mwamba, penti yoyera ikudonthera pansi. Mtanda uli pabenchi, galimoto ya maliro ikudikira. Melisa wayasamula kukamwa.
Anti.
Anti ndani, achemwali?

2.
Zaka makumi atatu akugwira ntchito m'nyumba ya a Kachingwe, makolo a Melisa, ku Namiwawa. Anti, tiyi. Anti, yunifolomu yanga. Anti, galu wasanza. Anti, geti. Anamusambitsa Melisa, anamubereka kumsana, anamupukuta mamina, ndipo dzulo anagwa pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, mapegi ali m'manja.

3.
Adadi, Anti dzina lawo ndani?
Melisa ali pafoni. Bambo ake akhosomola.
Zimenezo ankadziwa ndi amayi ako.
Amayi ake ali m'manda chaka chachisanu. Waimbira Chifuniro, mlongo wake wa ku Joni.
Si Anti basi? Waseka mnyamatayo, kenako wakumbukira kuti ndi maliro.

4.
M'nyumbamo munali:
Mami, amene anamubala.
Sisi, mwana wa amalume.
Madamu, Mami yemweyo, koma pakamwa pa antchito.
Anti Rozi ndi Anti Doreen, okhala pasofa, omwera m'makapu a alendo.
Ndi Anti. Opanda kanthu kumbuyo kwake. Kapu yawo inali yapulasitiki, yobiriwira.

5.
Melisa ali ndi dzina lina, lapakati, limene analikwirira kalekale. Enelesi. Pabanja inali nthabwala ya pa Khirisimasi: iwe utabadwa amayi ako anagona mwezi wathunthu m'chipatala, anapita nawe ku sikelo ndi Anti, anesi atafunsa dzina la mwana anangotola lakumudzi limenelo, ife tinachita kukupulumutsa ndi Melisa. Onse kuseka. Anti nawonso ankaseka, atanyamula mbale.

6.
Tsiku loona ana ku sekondale Mami anali ku semina ndiye anatuma Anti ndipo Anti anabwera atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zowathina atasenza basiketi ya chigumu ndi chiponde nayima pakati pa bwalo pamaso pa atsikana onse a Fomu 2 nakuwa mosangalala kuti Enelesi Enelesi mwanawe ndabwera ndipo atsikana anagwa nako kuseka ndipo Melisa anayenda mpaka pamene anaima nanena motsitsa mawu koma momveka kuti musadzanditchulenso dzina lonyansalo, mwamva?
Ndamva, Sisi Melisa.
Sanadzalitchulenso.

7.
Dzina la malemu?
Iwe Melisa, wa madigiri awiri. Umadziwa dzina la galu woyamba wa pakhomo panu. Umadziwa mayina a anthu a m'mafilimu ndi a ana awo omwe. Manyazi akukugwira, ndipo akuyenera kutero.

8.
Kachipinda ka Anti ka kuseri kwa nyumba, Melisa sanalowemo chiyambire ali mwana. Kakununkha sopo ndi mafuta odzola. Pansi pa bedi pali sutikesi. Muli:
bulauzi yoyera ya Mvano,
mano atatu a mwana m'kabotolo,
nsapato zothina zija,
khadi la ku sikelo lachikasu ndi ukalamba,
chiphaso cha boma, chomangidwa pamodzi ndi khadilo ndi kansalu.
Palibe chithunzi cha mwamuna. Palibe cha mwana wawo, poti analibe.
Melisa wamasula kansaluko. Wawerenga khadi. Wawerenga chiphaso. Wakhala pansi pasimenti.

9.
Mmisiri wavundulanso penti.
Mwalipeza?
Lembani. Enelesi Makwinja.
Pali ma L angati, achemwali? Tandionetsani chiphasocho, mtanda sitifufuta.
Chiphaso chili m'chikwama, koma Melisa sakuchitulutsa. Akutchula chilembo chimodzichimodzi, bulashi ikutsatira.
Mwaliloweza msanga, watero mmisiri.
Ndi langa, wayankha Melisa. Anandipatsa ndili khanda. Analibenso china.