Mendulo ya M'kati mwa Jekete

"Akwana makumi awiri," anatero Ingunn, nachonga mzere womaliza m'kaundula. "Tamaliza, a Bjarne. Kamweniko khofi."

Bjarne sanasunthe. Nkhalambayo, wantchito wakale wa m'nyumbamo, inangoima patsogolo pa jekete la malemu, sizasi ili m'manja, mutu utapendekeka ngati ikumvetsera munthu wolankhula m'chipinda china.

Jekete lakudalo linavekedwa pa chidole chamtengo chopanda mutu, pakati pa chipinda chovalira. Kuyambira masana, awiriwa anali kulivula mamendulo, Bjarne akudula ulusi, Ingunn akuwerenga ndi kuyala pa mapilo atatu ofiira. M'mawa mwake asilikali atatu anayenera kunyamula mapilowo patsogolo pa bokosi la Kalonga Eilif, bambo ake a Ingunn, amenenso anali bambo aang'ono a mfumu. Mwambo wake ndi womwewo: wa kunyumba yachifumu amapita kumanda ulemu wake uli patsogolo, kuti aliyense auwerenge.

Ambiri mwa mamendulowo, tisanamizanepo, anali a phwando. Ina inali ya tsiku limene mkulu wawo anavekedwa ufumu, ina ya ukwati wa mfumu ya dziko loyandikana, inanso yochokera kwa mlendo wina amene anangodzadya nawo nsomba n'kubwerera kwawo. Akalonga amalandira zimenezi chifukwa chobadwa ndi kusafa msanga. Koma yoyamba pa mzere inali ina ndithu: yasiliva, ya riboni yabuluu, imene amapatsa msilikali amene waika moyo wake pachiswe kupulumutsa anzake. Ingunn anakula akuinyadira. Mpaka pano, mayi wa zaka makumi asanu ndi imvi zake, akaiona mtima unkamufunda.

"Yatsala imodzi, amayi," anatero Bjarne.

"M'kaundulamu mulibe ina."

"M'kaundula mulibedi."

Anamasula mabatani agolide, limodzilimodzi, mwaulemu womwe ankachita nawo mwini wake ali moyo, natsegula jekete. M'kati, mbali ya kumanzere, pamalo oyang'anana ndi mtima, panasokeredwa mendulo. Inali yasiliva, ya riboni yabuluu, yofanana ndendende ndi yoyamba ija.

Apa m'pamene Ingunn anamvetsa kalata ya bambo ake. Anamusiyira mizere iwiri yokha: "Mamendulo anga akonze Ingunn, osati a ku ofesi. Yam'kati ikhale yoyamba." Masiku anayi onse a maliro ankaganiza kuti matenda anawasokoneza mutu.

Anaigwira, nabweza dzanja msanga. Inali yozizira moluma, ndipo riboni inali yonyowa.

"Mwaichapa?"

"Ayi."

"Nanga madziwa?"

Bjarne anayang'ana pansi. Pathabwa, pansi pa jekete, panali timadontho titatu. Ali chiyang'anire, lachinayi linagwa. M'chipindamo moto unali ukuyaka kuyambira m'mawa, mawindo onse otseka, denga losadontha. Kunja kunali kutada kale, ngakhale wotchi inali isanakwane folo koloko, monga kumachitira mu Novembala kudziko lozizira lakumpotoli. Ingunn anamva kafungo ka matope a pansi pa madzi.

Bjarne anadula ulusi, naika mendulo pa chikhatho chake. Kumbuyo kwake kunazokotedwa dzina: Asle Rinde.

"Ndani ameneyu?"

Nkhalambayo isanayankhe, chitseko chinatseguka. Analowa Halvard, mlongo wake wamkulu wa Ingunn, atavala kale nsapato zatsopano za pamaliro kuti zimuzolowere. Nayenso anali mkulu wa asilikali, wa chifuwa chodzaza mamendulo, ngakhale fungo la onga ankangolimva pa tsiku lobadwa la mfumu. Galu wa malemu, amene ankamutsatira, anafika pakhomo n'kuima, makutu ali njo, akuyang'ana paphewa pa jekete. Sanalowe.

"Iwe Ingunn, sunamalizebe? A ku ofesi akubwera kudzatenga mapilowa sikisi koloko. Kapena ukuwapsompsona imodziimodzi ngati kale?"

"Bwerani muone, achimwene."

Halvard anawerenga dzinalo, nawerenganso kalata imene mlongo wake anamupatsa. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono.

"Bjarne, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi nkhani yaitali, bwana."

"Ifupikitseni."

Bjarne anakhala pampando osapempha, chinthu chimene sanachitepo pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'nyumba ija.

"Tinali anyamata, pa maphunziro a usilikali kumapiri, m'nyengo yachisanu. Bambo anu ndiwo ankatitsogolera, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tinafika pa nyanja ina yaing'ono, madzi ake ataundana. Asle anali mwana wa komweko. Anati, bwana, tizungulire, madziwa sanalimbe, ndikuwamva kulira kwake. Bambo anu anaseka. Anati kalonga sazungulira chithaphwi."

"Mukunena bambo athu?" anafunsa Ingunn. Bambo amene iye ankawadziwa ankapepesa ngakhale kwa mpando akauponda mwendo.

"Omwewo, amayi. Anatsogola okha, kuti ationetse. Asanafike pakati madzi oundanawo anasweka, iwo n'kugweramo. Asle anakwawa chamimba, n'kuwagwira kolala, n'kuwakokera pamwamba. Atangowatulutsa, pamene anagona iye m'pamene panasweka. Ine ndinali apo, ngati pamene pali chitsekopo. Ndinaona dzanja lake lokha."

"Thupi linapezeka?"

"Nyanja ija sibweza."

Dontho lina linagwa. Halvard anasuntha phazi lake.

"Ndiye akuluakulu anaona kuti mwana wa mfumu sangakhale amene waphetsa munthu," anapitiriza Bjarne. "Analemba kuti onse awiri ankapulumutsana. Mamendulo anatuluka awiri. Bambo anu anatenga ya Asle kukapereka kwa mayi ake, ine nditawaperekeza. Mayi uja anatisiya pakhomo, chipale chofewa chikutigwera. Anaiyang'ana menduloyo n'kunena kuti, mwana wanga alibe chifuwa choti avalepo, inu muli nacho, valani. N'kutseka chitseko."

"Ndiye anavala," anatero Ingunn.

"Pa mwambo uliwonse. Ine ndimasoka, ine ndimasomola. Madzulo akavula, malaya am'kati amakhala atanyowa mbali imodzi yokha. Ndayesa kuyanika pamoto, ndasintha riboni kangapo. Madzi saiwala khwawa, amayi."

"Thukuta limenelo," anatero Halvard.

"Jeketeli sanalivale kuyambira mwezi wa Meyi, bwana."

Ingunn anamva mkwiyo ukumukwera, ndipo sanadziwe woti aukwiyire. Ali mtsikana anamenyanapo ndi mnzake kusukulu chifukwa chonena kuti mamendulo a akalonga ndi zidole. Ingunn anamuuza mnzakeyo kuti pita ukafunse za yabuluu ija. Bambo ake atamva nkhaniyo sanamuyamikire. Anangotuluka panja osavala chikhoti, n'kukakhala komweko mpaka chakudya chitazizira. Ingunn ankayesa kuti akwiya ndi ndewuyo.

Halvard anapinda kalata ija kanayi.

"Tamvera, Ingunn. Menduloyi munthu salandira kawiri. Mawa makanema a dziko lonse akhala akuunika mapilowa. Madoda aja a usilikali, ukuwadziwa, maso anafa koma mamendulo amawerenga ngati nyuzipepala. Akaona ziwiri zabuluu afunsa. Akafunsa, wina akayankha. Pofika Lamlungu bambo adzakhala wakuba ulemu wa munthu wakufa. Ukufuna zimenezo?"

"Si ine ndikufuna. Alemba okha."

"Analemba akumwa mankhwala khumi pa tsiku!"

"Kalembedweka n'kowongoka kuposa kanu, achimwene."

"Usandiyankhe ngati tili pa tebulo la ana. Dzinali si lako wekha. Ndi langa, ndi la ana anga, ndi la mfumu. Tiiponye m'bokosi, pansi pa pilo wawo, apite nayo. Aivala zaka makumi asanu ndi limodzi, sangalephere kuivala kumanda."

Mawuwo anamulowa Ingunn, chifukwa analidi anzeru. Akanatha kutero. Palibe akanadziwa, kupatula nkhalamba imodzi imene nayonso inali pafupi kupita. Bambo ake akanatsika m'manda ali ngwazi, anthu akulira m'misewu, ndipo iye akanatsala ndi bambo amene anawakonda. Anawafunitsitsa bambo amenewo. Anawafuna kuposa mmene anafunira choonadi, ndipo anachita manyazi podzigwira akuganiza choncho.

Anaika mendulo ya Asle patebulo, kutali ndi mapilo. Pansi pake pomwepo panayamba kuda ndi chinyontho, ndipo kamzere ka madzi kanayenda pang'onopang'ono pa thabwa losalala. Tebulolo linali lowongoka bwino, koma kamzereko kanakhota, kulunjika pa pilo woyamba. Galu pakhomo paja analira chapansipansi, nabwerera chambuyo.

"Pukutani zimenezo, Bjarne," anatero Halvard.

"Ndapukuta kokwanira, bwana."

"A Bjarne," anatero Ingunn, "inu mukuti titani?"

"Ine ndine wosoka chabe, amayi. Koma usiku uja asanapite kuchipatala anandifunsa kuti, kodi Ingunn adzalimba mtima? Ndinati sindikudziwa. Anati, nanenso sindinalimbe, sindidzamuimba mlandu."

Ingunn anatseka maso. Bambo ake akanamulamula, mwina akanakana. Koma anamukhululukira asanalakwe n'komwe, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene," anatero. "Ikhala yoyamba."

"Sizitheka." Halvard anafika pa pilo woyamba m'masitepe awiri, nazula mendulo ya bambo ake ija. "Yoyamba ndi iyi. Yolembedwa m'kaundula ndi iyi. Inatuluka m'manja mwa mfumu, ili ndi dzina la bambo athu, ndipo ine ndikadali moyo palibe msilikali wamba amene..."

Anaitembenuza kuti awaonetse dzinalo.

Kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Siliva anali wosalala, wolowa pang'ono pakati ngati supuni yakale. Halvard anaiyandikiza ku nyale, naipendeketsa uku ndi uku, kufunafuna ngakhale chilembo chimodzi.

"Lapita kuti dzina?"

"Chaka chilichonse, tsiku lija likafika, ankandipempha tupa," anatero Bjarne. "Ankakhala pampando uwu, n'kupala pang'ono chabe, kawiri kapena katatu, n'kundibwezera. Ndinawauza kuti, bwana, ndipatseni, ine ndifufuta lonse madzi a khofi asanawire. Anakana. Anati lisachoke msanga, ndizilimva likuchoka."

"Linatha liti?" anafunsa Ingunn.

"Chaka chatha. Anandipatsa tupayo n'kunena kuti, kasungeni, Bjarne, ntchito yatha."

Halvard anaima nthawi yaitali, chala chake chachikulu chikuyenda pa siliva wosalalayo. Kenaka anatambasula dzanja, napereka menduloyo kwa mlongo wake osamuyang'ana, napita kukaima pawindo, kumene kunalibe choti aone.

Ingunn anatola mendulo ya Asle. Kuzizira kwake kunamulowa mpaka m'chigongono, koma sanaisiye. Anaiika pamalo oyamba chafufumimba, dzina likuyang'ana kumwamba, kuti wonyamula pilo ndi aliyense woima m'mbali mwa msewu aliwerenge. Bjarne anamupatsa singano, ndipo anasoka yekha, nsalu yofiira ikuda mozungulira ulusi.

Atamaliza anatenga ya bambo ake, naiyala pambali pake, pamalo achiwiri. Nayonso anaitembenuza, mbali yopanda dzina ija kumwamba, nayamba kusoka.