Dzanja la Udzudzu

"Ine sindikukana kuti katemerayo ndi wabwino."

"Ndiye ndibayeni."

"Kubaya si ntchito yanga, asisi. Ine ndimagawa mapilitsi."

"Chaka chatha munabaya a ku labu."

"Chaka chatha chinali chaka chatha."

Wa ku famase anatsitsa kawindo kake pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati akufunditsa mwana. Namwino wa m'chipinda cha katemera anatsala pakhonde atapinda kale mkono wa yunifolomu mpaka paphewa. Anaima choncho kanthawi, kenako anautsitsa yekha.

Pachipatala chaching'onocho ankamutchula Udzudzu. Dzinalo linali loyamikira: ankabaya mwana n'kumubweza kwa mayi ake mwanayo asanaganize n'komwe zolira.

Nyengo yozizira ikamayandikira kunkabwera katemera wa chimfine wa ogwira ntchito, ndipo panali chizolowezi chomwe palibe ankakumbukira amene anachiyambitsa. Ankabayana awiriawiri. Wakubaya, nawe umubaye. Zinkachitika pa nthawi ya tiyi, makapu ali pathebulo, ndipo aliyense anali ndi mnzake wokhazikika, moti kusintha mnzako kunali nkhani yaikulu kuposa kutha kwa chibwenzi. Mnzake wa Udzudzu anali Mzamba. Mayi ameneyu anali wamkulu thupi ndi mawu omwe, wosanjenjemera ndi magazi ngakhale atadzaza pansi, koma akaona singano ikubwera kwa iye ankatseka maso n'kuyamba kunyoza makolo a munthu amene anaipanga. Sankalola wina aliyense kumukhudza. "Kaya Udzudzu, kaya chimfine chindiphe," ankatero.

Patapita miyezi ingapo chibayidwireni chaka chathacho, zala za Mzamba zinayamba kutupa m'mawa. Magolovesi ankakana kulowa. Kenako zidzolo zinayala m'masaya mpaka pamphuno, tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, ndipo tsiku lina anapezeka atakhala pansi m'chipinda chochilira, atatsamira khoma, akuti miyendo yamukana. Kuchipatala chachikulu anati ndi lupasi, nthenda yomwe chitetezo cha m'thupi chimatembenukira thupi lomwelo. Wa ku labu anafotokozera a pa tiyi kuti zili ngati mlonda amene wayamba kukwapula eni nyumba.

Funso linali loti wamukwiyitsa ndani mlondayo. Dokotala wamkulu anauza banja kuti nthendayi imakonda amayi a msinkhu wa Mzamba, kuti imatha kufungatira m'thupi kwa zaka isanaonekere, ndipo kuti iye sanaonepo umboni woti katemera wa chimfine amaibweretsa. Atamufunsa chimene chinaidzutsa mwa Mzamba makamaka, anati sakudziwa. Mawu onsewo anayenda ulendo wautali kuchokera kuchipatala chachikulu, ndipo amene anafika amoyo m'chipinda cha tiyi anali amodzi okha, oti sakudziwa.

Palibe anamuloza chala Udzudzu. Vuto linali pomwepo, chifukwa munthu akakunena umamuyankha. Iwo ankangotsitsa mawu iye akalowa, wina n'kuyamba kufunsa za shuga. Mpando wa Mzamba unakhala wopanda munthu, ndipo pang'ono ndi pang'ono mpando woyandikana nawo, wa Udzudzu, unasanduka mbali ya mpando wopanda munthuwo. Anayamba kumwera tiyi m'chipinda chake, pakati pa firiji ya katemera ndi sikelo ya ana. Firijiyo inkang'ung'udza, kusiya, kuyambiranso.

Ankawerenga pafoni zimene ofufuza analemba, mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lina anaganiza kuti wapeza pogwira nkhaniyo ndipo anapita nayo kwa anzake. Anati popeza onse amabayidwa chaka chilichonse, aliyense wa iwo amene adzadwale nthenda iliyonse adzadwala atabayidwa, monganso adzadwale atamwa tiyi, atakwera basi, atameta. Anaona kuti walongosola bwino. Wa ku labu anaviika buledi wake m'kapu.

"Mwayankhatu funso loti palibe wakufunsani," anatero.

Katemera wa chaka chino atafika, anthu anagawikana. Ena ankati sabayitsanso, aona okha zimene zamuchitikira mnzawo, ndipo namwino wina wa ku wodi ya ana anakumbukira msuweni wa mlamu wake amenenso anatupa mawondo. Ena ankati zimenezo ndi mphekesera zochititsa manyazi kwa anthu ophunzira. Magulu awiriwa ankakangana mpaka mabelu a odwala kulira osayankhidwa. Koma pa chinthu chimodzi ankagwirizana osakambirana: palibe ankafuna kuti dzanja lobaya mnzake likhale lake.

Zikanangothera pomwepo Udzudzu akanapanda kupita kunyumba kwa Mzamba. Pafoni Mzamba ankangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ndipo Udzudzu sankadziwa ngati chowawa ndi zala kapena mtima. Anatsika basi, anadutsa pogulitsira matayala ndi kasitolo kometera, anagogoda pageti lobiriwira. Anatsegula ndi mwamuna wa Mzamba, atanyamula beseni la zochapa. Anamulonjera bwino, koma sanachoke pakhomo. Anati mankhwala amene mkazi wake akumwa amagonetsa mlonda uja, moti kachimfine wamba kakhoza kumugoneka m'chipatala. Adokotala anati m'nyengo ino anthu amene amakhala pakati pa odwala tsiku lonse asalowe asanabayitse.

"Si ine, alamu. Ndi adokotala."

"Ndamva, alamu. Nanga anzathu ena abwerako?"

Mwamunayo anayang'ana m'beseni. Anati maluwa anabwera.

M'basi pobwerera Udzudzu anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku, ndipo mbali iliyonse inkatuluka yokhota. Amene anakana katemera chifukwa chomukonda Mzamba sakanatha kukamuona Mzamba. Amene ankafuna kukamuona analibe womubaya. Mabotolo anali m'firiji ya m'chipinda chake chomwe, kiyi ali m'thumba mwake. Anaganizako zodzibaya yekha pantchafu, koma lamulo linali loti wobayidwa akhale ndi womuyang'anira kwa kanthawi, kuopa kuti thupi lingadzidzimuke, ndipo amene ankakalipira anthu ophwanya lamulolo anali iye mwini.

Ndiye anayamba kupempha. Namwino wa ku wodi ya ana anati dzanja lake likumuwawa. Wothandiza adokotala anati mawa, ndipo mawa lake anati mawa. Wa ku famase, amene ankatsogolera gulu loti katemera alibe vuto, ndi uja anatsitsa kawindo.

Anatsala a Matroni. Mu ofesi mwawo munali chikwangwani chachikulu cha namwino womwetulira akuonetsa phewa. A Matroni anamumvetsera mpaka kumapeto, akusuntha cholembera kuchoka kumanja kwa thebulo kupita kumanzere. Anati iwo anabayitsa kale. Udzudzu atafunsa kuti anawabaya ndani, anatchula kachipatala kena ka kutsidya kwa tauni, kuseri kwa siteshoni, kumene palibe amawadziwa.

"Mwana wanga, pita kwa munthu amene sudzakumana naye pa tiyi."

"Amayi, inu simungandibaye pompano? Ndi kanthawi kochepa."

"Ndingathe. Koma ukadzatsokomola chaka chamawa, ndizidzamwera tiyi kuti?"

Udzudzu anapita kukachipatala kaja pa tsiku lake lopuma, atavala zovala wamba. Anakhala pabenchi pakati pa bambo wokalamba wa ndodo ndi mayi woyembekezera amene ankadya nthochi. Palibe anamufunsa kanthu. Namwino wa kumeneko anali mtsikana wongotuluka kumene kusukulu, ndipo anamufotokozera bwinobwino kuti katemera ndi chiyani, kuti mkono ukhoza kuwawa pang'ono, kuti asaope. Udzudzu ankangovomera. Mtsikanayo anagwira singano ngati akufuna kusokera thumba la chimanga, anazengereza pakhungu, kenako analowetsa pang'onopang'ono. Zinawawa. Kwa zaka zonsezi Mzamba ankamubaya akunyoza ndi kuseka, moti sanadziwepo kuti zimawawa chonchi.

Anamuuza kuti adikire panja. Anakhala yekha pansi pa wotchi yakufa, atagwira kathonje paphewa, akuyang'ana anthu akulowa ndi kutuluka. Nthawi itakwana palibe anabwera kudzamuuza. Ananyamuka yekha.

Anadikira mpaka katemerayo atakhazikika m'thupi, n'kubwerera kugeti lobiriwira lija. Ulendo uno mwamunayo anapatuka. Anamupatsa sopo ndi chophimba kukamwa, n'kumulozera kuchipinda.

Makatani anali otseka, chifukwa dzuwa nalo linali litasanduka mdani. Mzamba anali pampando pafupi ndi bedi, atafunda bulangete m'miyendo, kumutu atamanga mpango. Nkhope inali itatupa ndi mankhwala, yozungulira ngati ya khanda. Pathebulo panali mabotolo a mapilitsi, kapu ya pulasitiki yokhala ndi chogwirira chachikulu, ndi maluwa ouma m'botolo la juwisi.

"Ukuyang'ana chiyani? Sunaonepo mwezi?"

"Wanenepa bwanji."

"Iwe waonda. Akukumana chakudya?"

Udzudzu anakhala m'mphepete mwa bedi, patali ndithu. Anapereka moni wa anthu onse, ngakhale amene sanatume moni. Mzamba anafunsa za amayi oyembekezera amene ankawasamalira, mmodzimmodzi, uja wa mapasa, uja wothamanga magazi, ndipo atamva kuti wa mapasa anachira bwino m'manja mwa mzamba wobwereka, anati chabwino, n'kuyang'ana kukhoma. Anafunsa ngati kapu yake ya tiyi ikadalipo kuntchito. Udzudzu anati ilipo, palibe amaigwira.

"Akuopa kuti angatenge lupasi?"

"Akuti ndi ulemu."

"Ulemu wa maliro umenewo. Uwauze azimwera."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa Mzamba kukuthera m'chifuwa. Kenako anafuna kudziwa amene anamubaya Udzudzu, ndipo atamva za mtsikana wa kuseri kwa siteshoni anati aone. Udzudzu anapinda mkono wa bulauzi. Panali patatsala kachikanga kachikasu. Mzamba anapukusa mutu, nati mwana ameneyo akanakhala wake akanamubweza kusukulu wapansi.

Panja mwamuna uja ankakolopa pakhonde. Ankamveka akufinya chikolopa, madzi akugwera m'ndowa.

Mzamba anayamba kulankhula akuyang'ana zala zake. Anati masiku ena amadzuka ali wotsimikiza kuti ndi katemera uja, ndipo amamuda Udzudzu kuyambira m'mawa mpaka masana. Masiku ena amakumbukira azakhali ake, amene zala zawo zinapindika iye ali mwana, anthu n'kumangoti ndi nyamakazi, ndipo amadzida yekha chifukwa chomuda mnzake. Anati n'chifukwa chake ankangotumiza kachala kaja, chifukwa sankadziwa kuti pofika madzulo akhala ali mbali iti.

Udzudzu anali ndi mayankho ambiri, aja anawerenga pafupi ndi firiji. M'malo mwake anangofunsa.

"Lero uli mbali iti?"

"Lero ndatopa chabe."

Mzamba anayesa kunyamula kapu. Udzudzu anadzuka kuti amuthandize, koma anamukaniza ndi chigongono, n'kuigwira ndi manja awiri. Atamwa anati pali nkhani ina. Dokotala wamkulu akufuna kuti iyenso abayidwe katemera wa chimfine yemweyo. Akuti popeza chitetezo chake chagonetsedwa, chimfine chenicheni n'choopsa kwa iye kuposa kwa wina aliyense, ndipo katemera wake ndi wa tizilombo takufa, sangamupatse chimfinecho. Dokotalayo ananena kawiri konse, ndipo ulendo wathawu anachita kuvula magalasi.

"Ndinamuuza kuti ndamva. Anaitana namwino wake, ine ndinati ayi, ndili ndi wanga."

Sabata imeneyo yokha Udzudzu anali atabaya ana odzaza mabenchi, dzanja osagwedera ngakhale pang'ono. Akanafunsidwa ndi mayi wina aliyense wa nthenda imeneyi, akanamuuza zomwe ananena dokotalayo, mwina mawu ake omwewo. Anayang'ana phewa la Mzamba pansi pa juzi. Ankalidziwa bwino, mpaka kachipsera ka katemera wa paubwana kamene ankakalambalala chaka chilichonse. Manja ake anali pamiyendo, ndipo anaona kuti wawapinda mwamphamvu moti zikhadabo zinkamulasa.

Anayamba kunena kuti kuseri kwa siteshoni kuli kachipatala kabwino, kopanda mzere wautali, kuti alamu akhoza kumuperekeza m'mawa dzuwa lisanakwere.

"Kwa kamtsikana kosoka matumba kaja?"

"Pali anamwino ena."

"Ine sindikufunsa za anamwino ena."

Chikolopa chinasiya kumveka pakhonde. Mzamba anayamba kukoka mkono wa juzi ndi zala zake zotupazo. Unkakwera pang'ono n'kutereranso, iye n'kuyambiranso, mpaka unafika pamwamba pa chigongono n'kukanirira pomwepo.

"Iwe wakhala ukuuza aliyense kuti si katemera," anatero. "Ndiye undibaya kapena ukuopa?"