Malaya Ong'ambika Pamtima

Nsaluyo inakana. Ndinakoka ndi manja onse awiri, osatheka, mpaka ndinachita kuluma ndi mano kuti iyambe. Kenako inalira kuti kwee! kuchokera paphewa lamanzere kutsika mpaka pamtima, ndipo nyimbo ya kwaya inadukira pakati.

Bokosi la bambo linali litangofika pansi m'manda.

"Mgwireni mwanayo, mutu wazungulira!" anakuwa azakhali.

Abusa anatseka buku lawo, nandigwira pamkono. "Mwana wanga, izi ndi za Chiyuda. Zinathera pamtanda."

"Nanga amene anali pamtandayo anali wa mtundu wanji, abusa?"

Funsolo silinali langa. Linali la bambo, ndipo onse amene anaima pamenepo analizindikira. Amayi ndi telala. Anangoyang'ana pong'ambikapo monga amayang'anira nsalu imene kasitomala wabweretsa.

Bambo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsapato. Anzawo ankawatcha Myuda, powaseka, koma iwo ankavomera dzinalo ndi chimwemwe. Munthu wodzatenga wotchi yake sankachoka asanamve kuti Yesu sanalowepo m'tchalitchi, ankapemphera m'sunagoge, tsiku la Sabata. "Tikudya zipatso," ankatero, kagalasi kali padiso, "koma mtengo wake tikuuponya miyala." Ndiwo ananditumiza ku koleji ya zaubusa kuti ndikaphunzire Chiheberi, ndidzawawerengere Malemba mmene Yesu ankawamvera ali mwana.

Chiheberi chinandikana. Ndinalephera mayeso kawiri, ndipo chaka chachiwiri chili pakati ndinalongedza zanga mwakachetechete. Ndinkagona pansi m'chipinda cha mnzanga wina, kunyumba ndikumanena kuti maphunziro akuyenda bwino.

Masana ena kuchipatala kumene bambo anagonekedwa, amayi atatuluka kukatsuka mbale, bambo anandikodola.

"Ukudziwa kuti Yosefe atamwalira, Yesu anang'amba malaya ake?"

"Sizinalembedwe zimenezo, bambo."

"Nanga analemba kuti ankayetsemula? Anali mwana wa Myuda, akanachita chiyani?" Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa. Chitaleka, anaika chala pachifuwa changa. "Apa, kumanzere. Ukalira m'bale wina, pakapita masiku umasoka. Koma polira kholo, malaya sabwerera mwakale. Udzandichitire zimenezo."

"Ndidzachita."

"Palinso pemphero limene ana a Ayuda amanena akaika kholo. Anakuphunzitsani kale, eti? Tayesa pano, ndilimve ndili ndi makutu."

Pabedi loyandikana nalo munthu ankasenda lalanje, ndipo ndimakumbukabe fungo lake. Ndinatsinzina, n'kuyamba kutchula zokhazo zimene zinatsala m'mutu mwanga, zilembo za sabata yoyamba ya kukoleji: alefu, beti, gimelo, daleti. Ndinazikoka ndi mawu a pemphero, pang'onopang'ono, mpaka chilembo chomaliza.

Zilembo zimenezo bambo ankazidziwa. Anazimata okha pachivundikiro cha bokosi lawo la zida, ine ndili wamng'ono.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ameni," natembenukira kukhoma.

Choncho pamanda paja ndinalibe pemphero, ndinalibe koleji, ndinalibe chowauza. Ndinali ndi malaya oyera amodzi, amene iwo anandigulira popita kusukulu, ndi mano anga.

Ndinawavala masiku asanu ndi awiri osavula. Obwera kudzapepesa ankayang'ana kumbali. Azakhali ankati ndikuchititsa manyazi maliro a mlongo wawo. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinavula kuti ndisambe, ndinawasiya pampando, tulo n'kundiba dzuwa lili pamutu.

Ndinadzuka ndi phokoso la makina osokera. Pamene ndinkalowa m'chipinda chogwiriramo ntchito, amayi anali akudula ulusi womaliza. Malaya anga anali ochapa, mabatani onse ali m'malo.

"Abusa ayankhula ndi akukoleji," anatero osandiyang'ana. "Zonse ndazimva, usavutike kunama. Akuti ukaonekere Lolemba."

"Amayi, mwasoka?"

"Ndine telala. Ukufuna anthu azinena kuti mwana wa telala akuyenda chifuwa pamtunda?"

"Ndinawalonjeza bambo."

"Ine anandilonjeza kuti tidzakalamba limodzi." Anapinda malayawo, nawasalaza ndi chikhatho. "Zang'ambika zambiri m'nyumba muno, mwana wanga. Ine ndasoka chimene chimasokeka."

Ndinawalanda, n'kupita nawo pawindo. Ndinafufuza ndi chala kuchokera paphewa mpaka pathumba. Panalibe kanthu. Ndinatsegula bokosi la bambo, zilembo zija zikundiyang'ana pachivundikiro, ndinatenga kagalasi kawo n'kuika padiso. Ulusi uliwonse unali wathunthu. Amayi sanachite kulumikiza: anasomola mbali yonse yakumanzere, n'kuikapo nsalu yatsopano, yoyera kuposa inzake.

Lolemba sindinapite, ndipo sindinapitenso. Malayawo ali m'sutikesi mpaka lero. Sindingawavale, komanso kuwang'amba kachiwiri kungakhale kung'amba nsalu imene sinafike pamanda a bambo.

Koma tsiku limene anasokalo, ndisanatuluke m'chipindamo, ndinafunsa kuti chidutswa chakalecho achitaya kuti. Chinali pompo, pambali pa makina, chitada kale popukutira mafuta a makinawo, malo amene ndinaluma akuoneka. Anachitola osaganiza, monga amatolera kansanza kalikonse, n'kupukutira m'maso. Patsaya pawo panatsala mzere wakuda, ndipo anapondanso makina.