Mbande 10,007

Temwani adawerenga mbandezo katatu, ndipo katatu konseko zidakwana 10,007. Patapita zaka ziwiri digiri yake ya masamu ikugona m'sutikesi, bungwe lina lobzala mitengo lidamulemba ganyu ya sabata imodzi: kugawa mbande za paini kusukulu za mu Mzuzu. Abwana ake, a Boniface, adanena mosapsatira kuti akagawa bwino amulemba ntchito. Koma sukulu iliyonse ilandire mofanana, poti chaka chatha ahedi ena adakokanakokana mpaka pa wailesi.

"Sukuluzo zilipo zingati, bwana?" Temwani adafunsa pafoni.

"Mwina 8, mwina 10, mwina 16. Ena sanayankhe. Konzekera zonse, lole ifika thuu koloko."

Mbandezo adafesa ndi azakhali a Temwani, a Martha, kuseri kwa nyumba yawo ku Msongwe. Temwani adakhala pa wilibala nayamba kugawa nambalayo papepala. Ndi 8 idakana, ndi 10 idakana, ndi 16 chimodzimodzi. Apa munthu wamba akadadandaula, koma iye adayamba kumwetulira. Adayesa 3, 7, 11, 13, mpaka 97, ndipo nambalayo sidagonje. Inali ya mtundu uja wosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Adakondwa kwa mphindi zisanu zathunthu, kenaka adakumbukira lole.

"Anti, tapsa," adatero. "Nambala iyi sigawika. Ngakhale aprofesa atabwera."

A Martha adatula kheni yothirira pansi. "Wakana ndani?"

"Masamu."

"Masamuwo adabzalapo mtengo? Tandiuza, ukagawira sukulu 8 zikutsala zingati?"

"Seveni."

"Nanga 10?"

"Seveni."

"16?"

Temwani adayang'ana pepala lake nthawi yaitali. "Seveninso."

"Ndiye nambala yakuuza katatu chimene ikufuna, iwe uli kalikiliki kuifunsa mtundu wake! Adada ako adagulitsa ng'ombe chifukwa cha zimenezi?" Adaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Wofesa sapereka mbande zonse, mwana wane. Zina amasunga zopakizira pomwe zafa."

Adayenda m'mizere, nazula machubu asanu ndi awiri a mbande zonyozoloka, nawaika pamthunzi wa mapeyala. Zidatsala 10,000, nambala yofatsa yomvera aliyense.

Lole idafika itachedwa ndi ola, a Boniface ali momwemo. Sukulu zinali 16, iliyonse mbande 625. A Boniface adawerenga mulu umodzi, nagwedeza mutu. "Lolemba ubwere ndi ziphaso zako. Wachita bwanji msanga chotere?"

Temwani adatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma adaona azakhali ake akupukuta matope m'manja ndi chitenje.

"Ndili ndi mlangizi, bwana," adatero. Ndipo adapita pomwe adaima a Martha, nawerama, nawomba m'manja mothokoza. "Yewo chomene, anti."

"Yewo sathirira mbande," adayankha a Martha, namupatsira kheni.