Matiresi a M'galimoto ya a Khansala

Akazi awo a khansala anasita jekete kawiri, n'kuchenjeza amuna awo kuti, "Lero lokha, bambo, foni muzimitse."

Mu holo munadzaza anthu odzathokoza a khansalawo, poti kwa zaka khumi galimoto yawo yokalamba ija, ya matiresi kumbuyo, ndiyo inali ambulansi ya dera lonse. Koma dzina lawo litaitanidwa, pampando panali jekete yokha. Mlonda ananong'oneza mayiwo kuti kunabwera telala wefuwefu, mkazi wake nthawi yobereka yakwana, ndipo a khansala athamangira nawo kuchipatala.

Mayiwo anapukusa mutu, n'kupita okha kukalandira mendulo.

"Amayi, tiyankhuleniko m'malo mwa bambo," anatero woyendetsa mwambo.

"Bambo adzayankhula okha. Ine ndingofunsa: matiresi aja mumayesa amachapa ndani?"

Holo yonse inafa nacho chiseko, azimayi onse n'kuimirira kuwaombera m'manja.

Mayiwo anabwerera pampando, n'kuika jekete pamiyendo, mtima uli m'malo. Ankawadziwa bwino amuna awo: m'mawa uja, asanayambe n'kusita komwe, anali atayala kale nsalu yoyera pamatiresipo.