Kuchoka pa Naini Kufika pa Thwelofu

Abambo ake a Eveless anali ndi ngongole kwa mwana wawo yemwe, ndipo ankangoizengereza. Si ya ndalama ayi. Ikadakhala ya ndalama ndikadaitolera ndekha, chifukwa pamsika wa ku Old Town palibe amene amadya tomato wanga ulere n'kugona tulo. Iyi inali ya pakamwa. A Bonaventure, amuna angawo, amagwira ntchito ya m'gadeni ku Area 12, ndipo kwathu ku Chinsapo amabwera Lamlungu lokha. Kuntchito kwawoko akuti kuli dziwe la simenti la nsomba zofiira zosadyedwa. Tsiku lina atakhuta anauza mwana kuti, "Ukadzatha kuwerenga mpaka handiredi, ndidzakutenga ukaziwerenge wekha nsombazo."

Anayankhula choncho podziwa kuti Eveless ndi nambala sankamvana. Anali atabwereza Sitandade 2, ndipo mu Sitandade 3 ankangokhala kumbuyo n'kumatafuna pensulo.

Kenaka kunatulukira a Angela, mphunzitsi wachitsikana, woonda ngati sadya. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa ana pabwalo la tchalitchi china ku Area 9, kwaulere. Nditapita kukaona ndinatsala pang'ono kumukoka mwana wanga n'kubwerera. Bolodi panalibe, ndodo panalibe. Ena ankayala pansi zitsekerero za mabotolo zolembedwa zilembo kuti zipange mawu. Ena ankagulitsana miyala ngati ndi tomato. Pakati pa bwalo panali mzere wautali wa mabokosi ojambula ndi phulusa, ngati a phada, lililonse ndi nambala yake. Mwana ankaima pabokosi limodzi, anzake n'kukuwa kuti "kuphatikiza fili!" iye n'kudumpha katatu n'kutchula pamene wagwera.

"Madamu, iyi ndi sukulu kapena chibwana?" ndinafunsa.

"Ndi zonse ziwiri, mayi a Eveless. Tangomusiyani teremu imodzi."

"Imodzi yomweyo. Akapanda kusintha azikandithandiza kuyala tomato."

Anasintha, sindinganame. Anayamba kuwerenga chilichonse: matumba a ufa, zikwangwani za minibasi, ngakhale zolembedwa pachitenje changa zimene ine ndinkavala osadziwa kuti zikuti chiyani. Lamlungu lina anaima pamaso pa abambo ake n'kuwerenga mpaka handiredi osapunthwa. Iwo anaseka, anaomba m'manja, n'kuti, "Sabata yamawa." Sabata yamawayo itafika anati bwana ali ndi alendo. Kenaka anati nsomba zikudwala. Mwana anasiya kufunsa, ine n'kumaganiza kuti waiwala.

Loweruka lina kunacha ndi mitambo yakuda, mvula itagwa usiku wonse. Masana, ndikukangana ndi mayi wina wofuna basera woposa zimene wagula, foni inalira m'chitenje. Anali a Angela.

"Mayi a Eveless, kodi mwana wafika kumsikako?"

"Afike kuno kudzatani? Si amabwerera ndi anzake ku Chinsapo?"

"Anzake anyamuka okha. Akuti iye anachoka kale."

Tomato ndinamusiyira mnzanga wa pabenchi yoyandikana osamuuza ngakhale mtengo. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza yoyamba imene ndinaiona, n'kumamumenya mnyamatayo pamsana kuti athamange.

Pabwalo la tchalitchi ndinapeza a Angela ali okha, nkhope itatuwa. Anali ataima pambali pa mabokosi awo aja, akuwayang'ana ngati aona njoka.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Amayi, ndikuganiza kuti ndadziwa kumene walowera. M'mawa anandifunsa kuti, 'Madamu, kuno ndi Area naini eti?' Ndinati eya. Ndiye anaima apa." Analoza bokosi limodzi. "Anadumpha katatu n'kuti, 'Teni, leveni, thwelofu. Ndiye kuti thwelofu ndi pafupi.' Ine ndinamuyamikira. Ndinauza anzake kuti amuombere m'manja."

"Munamuombera m'manja?"

"Sindinadziwe kuti akunena za kwa abambo ake."

Aliyense wokhala mu Lilongwe amadziwa kuti ma Area sanayalidwe ngati mabokosi a phada. Amene anaika nambalazo anangozimwaza ngati chimanga cha nkhuku. Area 12 ili kutali, kuseri kwa City Centre, ndipo pakatipo pali misewu ya magalimoto osaona munthu, pali tchire, pali mtsinje wa Lingadzi. Ine wosapita kusukulu ndimadziwa zimenezo ndi mapazi anga. Koma mwana wanga anali atakhulupirira phulusa.

"Kwerani," ndinawauza a Angela. "Mwamutaya ndinu, mukamufuna ndinu."

Tinapanikizana atatu panjinga imodzi. Ndinaimbira a Bonaventure, foni yawo inali yothimitsa, poti bwana salola mafoni pantchito. Tinalowa m'misewu ya mipanda yokhayokha, kopanda munthu woyenda pansi, kopanda wogulitsa kanthu woti n'kumufunsa. Kumsika mwana akasochera amapezeka msanga chifukwa maso ndi ambiri. Kuno kunali mageti otseka ndi agalu ouwa kuseri. Ndinakuwa dzina lake mpaka mawu anasasa. Mutu unadzaza nkhani zonse zimene timauzana pamsika, za ana okwezedwa m'galimoto zamagalasi akuda, za ana opezeka m'ngalande. Nkhani zimene ndinkazimva n'kupitiriza kuyala tomato.

Pageti lina tinapeza mlonda wachikulire akusoka nsapato.

"Bambo, simunaone kamtsikana ka diresi yachikasu?"

"Kodumphadumpha? Kanadutsa. Kanandipatsa moni bwinobwino n'kufunsa kuti kuno ndi Area chani. Nditati sikisi kanagwira pakamwa n'kuti, 'Ndabwerera m'mbuyo!' Ndiye kanathamangira uku."

"Inu munthu wamkulu osakagwira?"

"Ndikanadziwa bwanji, mayi? Kanali ngati kodziwa kumene kakupita."

Kumene analozako kunali kotsikira kumtsinje. Mvula inayamba kuwaza. A Angela anali kumbuyo kwanga, akungopepesa. Sindinawatonthoze.

Tikuyandikira mlatho ndinaona anthu ataunjikana, onse ataweramira kumadzi. Ndinadumpha njinga isanaime, n'kugwa ndi mawondo, n'kudzuka. Lingadzi anali atadzaza, madzi ofiira ngati thobwa, akukokolola mitengo ndi zinyalala. Pansi pa mlatho, panthambi, panakodwa chinthu chimene madzi ankachitembenuza.

"N'chiyani? N'chiyani icho?" ndinamugwira bambo wina pakolala.

"Iii, mayi, ndisiyeni! Ndi mbuzi."

Ndinayang'anitsitsa mpaka ndinaona ziboda. Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Mbuzi inde, koma nanga kumunsi kumene sitikuonako kunali chiyani?

Foni inalira. A Angela ndiwo anandidinira.

"Halo, kodi ndinu amake a Eveless?" Anali mawu a mzimayi. "Ine ndine mayi Chitemwa, ndimaotcha chimanga kuno ku Area 47. Mwana wanu ali pano."

"Ali moyo?"

"Akudya chimanga changa, mudzalipira. Koma mwana ameneyu! Ndamufunsa nambala yanu, akuti dikirani. Waima, wayamba kuomba m'manja n'kumaimba nambalayo ngati nyimbo. Ndikamudula kuti ndidine, akuyambiranso poyamba."

A Angela anayamba kulira. Akuti linali sewero lina, mwana aliyense ankaimba nambala ya kholo lake akuombana m'manja ndi mnzake. Ine sindinkadziwa n'komwe.

Tinamupeza atakhala pandowa yovundikira, pansi pa ambulera ya mayi Chitemwa, nsapato zili matope okhaokha. Dzanja langa linanyamuka kuti limumenye, koma linakafikira kumukoka n'kumupanikiza pachifuwa mpaka anati ndikumupweteka.

"Iwe, ukufuna undiphe?"

"Amama, ndapitirira," anatero akusisima. "Kuno akuti fote seveni. Koma teni sindinamuone, leveni sindinamuone. Ndinadumpha pati?"

"Sunadumphe paliponse, Eveless," anatero a Angela atagwada pamaso pake. "Masamu ako anali olondola. Ma Area ndiwo sali pamzere. Loweruka tidzajambula tauni yonse pansi, ndi misewu yake, tidzasewere minibasi."

Mwana anapukuta mphuno. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Ndiye ndikadzadziwa njira, ndidzayambirenso. Ndidzadzera kwina."

Mantha a pamlatho aja anandibwerera onse. Mwana wanga ndimamudziwa, anatengera ine. Ukhoza kumumenya, ukhoza kumutsekera m'nyumba, koma tsiku lina ndili kumsika adzatuluka n'kuyambanso kufunafuna thwelofu wake. Ndipo mayi Chitemwa sadzakhala paliponse.

"Madamu, inu bwererani," ndinatero. "Achimwene, tiperekezeni ku Area 12."

Wakabaza anatchula mtengo wamisala. Ndinaudula pakati, anadandaula za mafuta, tinanyamuka.

Ulendowo unali wautali, kudutsa City Centre ndi nyumba zake zazitali, ndipo Eveless ankangotembenuka uku ndi uku. Titafika ndinamenya geti ndi mwala, osati ndi dzanja. Agalu anauwa. Kachitseko kakang'ono ka pageti kanatseguka, a Bonaventure anasuzumira atavala ovolosi, sizasi yodulira maluwa ili m'manja.

"Amake Eveless! Mwapenga? Bwana alipo!"

"Alipo, aone. Tayang'anani mapazi a mwana wanuyu. Wachoka ku Area 9 wapansi, yekha, kukufunani inu. Ine ndachokera pamlatho wa Lingadzi kukayang'ana ngati chokodwa panthambi ndi iyeyu."

Anayang'ana nsapato za mwana, anayang'ana mawondo anga okhetsa magazi.

"Chabwino, ndamva. Lamlungu likubwerali ndipempha bwinobwino…"

"Lero."

"Andichotsa ntchito, amake mwana."

"Ntchito mudzapeza ina. Uyu mudzamupezanso kuti? Wanena yekha kuti ayambiranso. Mukabweza panopa, Loweruka mukamufune nokha kumtsinje, ine sindidzapitanso. Tsegulani, kapena ndikuwe mpaka bwana wanuyo atuluke ndimuuze ndekha."

"Tsitsani mawu, chonde."

"Sinditsitsa."

Eveless anali atagwira chitenje changa. "Adadi," anatero motsitsa, "ndingoziwerenga basi. Sindizigwira."

A Bonaventure anatembenuka kuyang'ana kunyumba yaikuluyo. Pawindo panaima munthu, katani atamukankhira pambali, akutiona. Amuna anga anaika sizasi pansi, anapukuta manja paovolosi, n'kutsegula kachitseko konse.

"Vula nsapato, ungadetse njira," anatero, n'kumugwira mwana dzanja.

Ine sindinalowe. Ndinatsamira chipupa cha mpanda. Agalu anakhala chete. Patapita kanthawi ndinamva mawu a mwana wanga kuseri kwa khoma, akuwerenga mokweza, kenaka akukalipa.

"Adadi, ziuzeni ziime! Zikungoyendayenda!"